Nyumba 112, mjigo umodzi, ndipo Disembala wayandikira: anzanga munathana nazo bwanji?

Naphiri, mphunzitsi wopuma (Kasungu)

Moni nonse. Ndine mayi wa zaka 69. Ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka 34 ndipo ndinapuma mu 2016. Ndalama yopumira itatuluka ndinagula puloti kunja kwa tauni ya Kasungu, mbali ya msewu wopita ku Nkhotakota. Nthawi imeneyo panali nyumba 9 zokha, kwinako kunali minda ya fodya ndi mitengo ya mango. Ndinakonda malowo chifukwa cha bata, komanso chifukwa chipatala, banki yolandirira penshoni ndi tchalitchi ndimafikako pa kabaza osatopa.

Zimene ndinaona ine anzanga anaziwonanso. Mmodzi akamanga amakauza amene anagwira naye ntchito, ameneyo n'kuuza mlamu wake. Lero kuno kuli apolisi opuma, anamwino, alangizi a zaulimi, makalaliki akale a ku ADMARC ndi a m'maesiteti a fodya, ndi aphunzitsi anzanga osawerengeka. Anyamata a kabaza amangoti "kwa opuma" ndipo aliyense amadziwa. Mwezi watha ndinayenda khomo ndi khomo ndi kope langa, monga ndinkachitira pa kalembera wa 2008, ndipo ndinapeza nyumba 112.

Mapaipi a madzi amathera pa golosale ya kumsewu, kwathu sanalowe. Mu 2017 tinasonkha ndalama n'kukumbitsa mjigo umodzi. Miyezi yambiri pachaka umatikwanira movutikira, poti nyumba zambiri mumakhala agogo awiri ndi kamdzukulu kamodzi kowatuma. Nyengo ya fodya, msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa, tauni imadzaza ndipo ku banki timaima mpaka miyendo kuzizira, koma chipwirikiti chimenecho timachisiya m'tauni momwemo. Chimene chandilembetsa ndi chimene chimatipeza pakhomo: tchuthi cha Ogasiti, makamaka masabata awiri a Khirisimasi ndi Nyuwere.

Ndikuuzeni za pa 24 Disembala chaka chatha. Ndinadzuka 3 koloko m'bandakucha, tochi m'manja, ndikuti ndikhale woyamba. Ndinapeza zigubu zachikasu 47 zandandalikidwa kale kuchokera pa mjigo mpaka pa mtengo wa mango, zina zomangiriridwa ndi chingwe chimodzi kuti mwini wake asazisowe. Pambali, pa njerwa, anakhala Anambewe, mayi a zaka 78 amene amakhala okha kuseri kwa nyumba yanga. Anali ndi kandowa ka malita 10, chifukwa ndiko kokha kamene amatha kunyamula, ndipo anafunda chitenje mpaka kumutu. Kutacha anabwera anyamata atatu pa galimoto ya kapikapu ndi migolo iwiri ya malita 200. Anapereka moni mwaulemu ndithu, si ana amwano, koma anati zigubu za kutsogolo ndi za abale awo, ndiye malowo ndi awo. Anapopa mosinthana pafupifupi ola lathunthu. Madzi ena anali otsukira magalimoto opita ku chinkhoswe.

Pofika 9 koloko Anambewe ananyamuka ndi kandowa kawo kopanda kanthu. Anali asanaphike phala, ndipo mankhwala awo a BP samwa m'mimba mopanda kanthu. Sanakalipe, sanadandaule kwa munthu. Anangoti, "Asiyeni ana asangalale, mlendo ndi mame." Ndinawagawira theka la chigubu changa masana. Mawu awo aja andikhala pamtima chaka chonse, chifukwa mayiwa anasonkha nawo ndalama ya mjigowu pogulitsa mbuzi zawo ziwiri.

Pa 27 mjigo unayamba kutulutsa madzi ofiira, kenako chogwirira chinangopepuka. Wokonza anali atapita kwawo. Masiku 9 tinamwa madzi a pachitsime cha kudambo, mvula ikugwa.

Zina ziliponso. Zimbudzi zimadzaza, matewera a ana amatayidwa m'maenje a zinyalala agalu n'kumawakoka, ku chigayo umataya tsiku, makala amakwera mtengo. Kamsewu kathu n'kopapatiza ndipo magalimoto akaima mbali zonse ziwiri palibe podutsa. Bambo wina atakomoka usiku tinachita kuwanyamula pa mphasa mpaka kumsewu waukulu.

Musandimve ngati ndikudana ndi alendo. M'nyumba mwanga momwemo tinalimo 14: ana anga atatu, apongozi awiri, zidzukulu 8 ndi ine. Ndimawerenga masiku kuti afika liti. Nkhuku ndimawasungira kuyambira Juni. Zipinda zinayi ndinamangira iwowo, ine ndekha chimodzi chikanandikwanira. Walira mvula walira matope, ndikudziwa. Koma matopewa akuterereza okalamba amene alibe wowagwira dzanja.

Ndiye ndikufunsa anzanga okhala m'malo onga ano, ku Mchinji, ku Dowa, kulikonse: munapanga bwanji kuti ana azibwera ndithu, koma amene timakhala pano chaka chonse tisasanduke opempha pa mjigo wathu womwe? Komiti yathu ikumana Loweruka.

Mwana wa ku Kasungu, Area 25

Amayi, ndawerenga kawiri ndipo manyazi andigwira. Ine ndine mmodzi mwa amene timabwera ndi magalimoto. Si kwanuko, makolo anga ali mbali ya ku Santhe, koma nkhani yake ndi yomweyo.

Ndinene chinthu chimodzi mosabisa: makolo athu mumatibisira. Ndikaimba foni n'kufunsa kuti zinthu zili bwanji, mayi anga amati zonse zili bwino, ingobwerani. Tikafika timapeza ndowa zonse zodzaza, madzi osamba atenthetsedwa kale. Ana anga anazolowera kutsegula mpopi ku Lilongwe, amasamba m'mawa ndi madzulo, ndipo palibe anawauzapo kuti ndowa iliyonse ina yake inakwera pamutu pa munthu. Ine ndemwe ndinadziwa chaka chatha, nditadzuka usiku n'kuona mayi anga akutsegula geti mwakachetechete ndi chigubu kuti tisamve.

Masiku obwera n'kovuta kuwasintha. Sukulu zimatseka pamodzi, kuntchito tchuthi chimapezeka nthawi yomweyo, ndipo achimwene anga a ku Johannesburg amabwera kamodzi pachaka, Disembala basi. Komanso ndikupempheni, pa msonkhano wanuwo musatitchule alendo. Ambirife malata a nyumba zimenezo tinagula ndife, ndipo tikadzapuma tidzabwera komweko.

Chimene tingathe ndi ndalama ndi msana. Tsegulani gulu la WhatsApp la ana a kwa opuma, muikemo chithunzi cha mzere wa zigubu uja. Nyumba 112, nyumba iliyonse ili ndi mwana mmodzi kapena awiri ogwira ntchito. Thanki ndi pampu ya sola zingatheke ngati mutatiuza poyera. Madzi a m'mapaipi musawadalire kwambiri ngakhale atafika, chifukwa damu la Chitete lomwe limamwetsa tauni nalonso limatsika m'chilimwe.

Jere wa ku Kamwendo (Mchinji)

Mayi Naphiri, pepani ndi zimene mukudutsamo. Ine ndine wa zaka 73, ndinali mlangizi wa zaulimi, ndipo ndakhala wapampando wa komiti ya mjigo kuno zaka zisanu ndi chimodzi. Ifenso Disembala timalandira a ku Lilongwe, ndi abale a ku Chipata amene amangodutsa pa Mwami n'kufika tsiku lomwelo.

Tiyambe ndi masamu, poti ndinu mphunzitsi. Mjigo umodzi boma limauwerengera anthu 250. Inu nyumba 112, tingoti anthu atatu pa nyumba, ndi 336. Ndiye kuti mjigo wanu walemedwa kale mlendo asanafike ndi mmodzi yemwe. Disembala nyumba ikakhala ndi anthu 8, mwafika pafupifupi 900. Ine ndinakhalapo pa mjigo wathu ndi wotchi tsiku lina. Chigubu cha malita 20, kuphatikiza kutsukuluza, kusuntha ndi kupatsana chogwirira, chimadya mphindi ziwiri. Pa ola ndi zigubu 30. Anthu 900, aliyense chigubu chimodzi chokha patsiku, ndi maola 30. Tsiku lili ndi maola 24. Choncho pamenepo palibe munthu woipa, mayi. Ngakhale onse atakhala oyera mtima, mzere sungathe.

Chachiwiri, Disembala ndi nthawi imene madzi a pansi amakhala atatsikitsitsa, chifukwa adutsa m'chilimwe chonse. Mvula ikagwa lero, pansi pamene mjigo umakoka sipadzaza mawa. Madzi ofiira munawaona aja ndi chizindikiro chakuti munkapopa mofulumira kuposa m'mene madzi amabwerera. Mjigo umafuna kupuma.

Ife tinachita izi, ndipo sizinabwere tsiku limodzi.

Kuyambira 5 mpaka 7 koloko m'mawa mjigo ndi wa okalamba okhala okha ndi odwala. Mayina awo tinawalemba pa pepala lomwe lili ndi mlembi. Munthu wotero akafika nthawi ina iliyonse ndi ndowa imodzi, amadutsa kutsogolo, palibe kufunsa. Kusiya zigubu usiku kuti zikugwirire malo tinaletsa: chigubu chopanda mwini timachiika pambali. Mgolo pa mjigo ayi. Wofuna kutsuka galimoto kapena kuchapa mabulangete apite kudambo kapena atchere madzi a padenga, poti mvula imakhala ikugwa ndipo malata onsewo amangotaya madzi pansi. Masana kuyambira 12 mpaka 2 timakhoma loko kuti madzi abwerere.

Koma chachikulu ndi ichi: mjigo timaukonza mu Novembala usanawonongeke. Ngati wanu ndi wa Afridev, monga mijigo yambiri m'Malawi muno, zimene zimatha msanga ndi timarabala ta pansi ndi timapulasitiki ta pa chogwirira. N'zazing'ono, zimakwana m'thumba la malaya, koma kamodzi kakatha mudzi wonse uli kudambo. Timaitana mekaniki wa mijigo wa dera lathu, timazula ndodo zonse, timaona zopindika, timasintha zotha, ndipo zina zapadera timasunga kwa msungichuma. Amayi awiri ndi mnyamata mmodzi anaphunzira kuzula ndodo okha. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zipangizozi zinakwera, choncho msonkho wa pamwezi tinaukweza, ndipo Disembala nyumba yolandira anthu imaonjezera K500 pa munthu wamkulu aliyense.

Musaganize kuti onse anavomera. Bambo wina amene anali bwana wamkulu ku boma anati iye sangauzidwe nthawi yotunga madzi ndi anthu amene anali pansi pake. Malo a opuma ali ndi vuto limeneli: aliyense anali wolamula kwinakwake. Tinapita kwa anyakwawa, malamulo anawerengedwa pabwalo, iwo n'kuikapo dzanja. Kuyambira pamenepo wokana amakana mfumu, osati Jere.

Mdzukulu wa agogo

Agogo, ndiloleni ndilankhuleko ngakhale ndine mwana. Ndili Fomu 3 ndipo ndimakhala ndi agogo anga aakazi ku Kasungu konkuno kuyambira ndili Sitandade 5.

Mwanena kuti nyumba zambiri muli kamdzukulu kowatuma. Kamdzukulu kameneko ndi ife. Chaka chonse ndimatunga zigubu zitatu patsiku ndisanapite kusukulu, ndipo sindidandaula chifukwa agogo amandilipirira fizi. Koma Disembala watha kunyumba kunabwera anthu 11. Ndinkapita ku mjigo maulendo 9, ena 10. Asuweni anga a msinkhu wanga omwe amakhala pakhonde ndi mafoni, ndikafika amangoti ndithire mu bafa. Ndinasiya chipinda changa n'kumagona kukhitchini pa mphasa. Khosi linandipweteka mpaka sukulu kutsegulira. Ndikauza agogo amati, "Pirira mwanawe, akupita posachedwa, usawakhumudwitse."

Pa msonkhano wanu wa Loweruka mudzakhala akuluakulu okhaokha. Ndikupempha kuti mukanene kuti aliyense wobwera amene ali ndi mphamvu azisenza yekha madzi ake osamba. Asuweni angawo si oipa, sanauzidwepo basi. Tsiku lina mmodzi anandiperekeza, anasenza theka la ndowa, pobwera anakhala chete, ndipo madzulo ake anasamba ndi madzi ochepa.

Mlangizi wa zaumoyo, Kasungu

Amayi, a Jere anena zambiri zoona. Ine ndionjezere mbali ya ntchito yanga, chifukwa masiku 9 amene munamwa madzi a kudambo aja ndi amene andiopsa kuposa mzere.

Mukukumbukira kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse mpaka 2023. Anapha anthu oposa 1,700, ndipo anakula kwambiri m'miyezi yomweyi ya Disembala ndi Januwale. Anthu ochokera m'malo osiyanasiyana akadzazana pamodzi, zimbudzi zikusefukira, mvula ikukokolera zonse kudambo, ndiye mjigo n'kufa, njira ya matenda yatseguka. Munthu wa zaka 78 wa BP kapena shuga akatsegula m'mimba usiku umodzi, madzi amamuthera m'thupi msanga kuposa wachinyamata. Pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu mwezi uno mukapemphe klorini, ndipo nyumba iliyonse iphunzire kathiridwe kake alendo asanafike. Akasowa, wiritsani madzi akumwa. Matewera akwiriridwe, asaponyedwe m'chimbudzi chifukwa ndiwo amachidzazitsa msanga.

Za mjigo wachiwiri, musathamange kukumba paliponse pamene papezeka mpata. Timalangiza kuti chimbudzi chitalikirane ndi mjigo mamita osachepera 30, ndipo chisakhale kumtunda kwake. M'malo ongogawidwa mapuloti popanda pulani, aliyense amakumba chimbudzi kumapeto kwa puloti yake, ndipo mupeza kuti malo oyenera atsala amodzi kapena awiri. Apezeni lero, mukagwade kwa amfumu kuti asagulitsidwe. Chaka chamawa padzakhala maziko a nyumba ya 113.

China chaching'ono: amene mumalandira mankhwala a mwezi ndi mwezi, onani tsiku lanu lokatenga. Likagwera pakati pa zikondwerero, kafunseni kuchipatala sabata yoyamba ya Disembala ngati mungatengeretu. Ndipo pa kamsewu kanu sankhani mbali imodzi yoimika magalimoto. Mphasa si machira.

Naphiri, mphunzitsi wopuma (Kasungu)

Zikomo nonse. Ndinalemba mayankho anu m'kope ndipo dzulo ndinawawerenga pansi pa mtengo wa mango. Tinalipo anthu 41.

A Jere, masamu anu a maola 30 anathetsa mkangano umene takhala nawo zaka zitatu. Bambo wina amene nthawi zonse amaloza chala ana a mnzake anawerengera yekha pa foni, n'kungoti, "Ndi zoona." Maola a okalamba avomerezedwa, ndipo dzina loyamba pa pepala ndi la Anambewe. Iwo anakana poyamba, ati safuna kuoneka ngati wodandaula, mpaka tinawauza kuti pepalalo lili ndi mayina 19. Migolo yaletsedwa. Mekaniki abwera Lachinayi kudzazula ndodo. Mlangizi wa zaumoyo tamuitana, ndipo malo a mjigo wachiwiri tawaona kuseri kwa tchalitchi, amuna atatu apita kwa amfumu mawa.

Za K500 pa mlendo zakanika. Amayi ambiri anati mwana wobadwa m'mimba mwako sungamulipiritse madzi ngati ali ku resitihausi, ndipo kunena zoona inenso mtima wanga unali komweko. Tagwirizana kuti m'malo mwake titsegule gulu lija la WhatsApp, aliyense aponye zimene angathe. Mwanangu wa ku Area 25, mawu oti alendo sitinawagwiritse ntchito, ndinakumvera.

Koma yankho limene landigoneka mochedwa ndi la mtsikana wa Fomu 3. Inenso ndili naye wotere m'nyumba, mwana wa malemu mng'ono wanga, wa zaka 15. M'kalata yanga yoyamba ndinawerenga anthu 14 ndipo iyeyo sindinamuwerenge. Tinalimo 15. Nditamufunsa kuti chaka chatha ankapita maulendo angati ku mjigo, anayang'ana pansi n'kuti sanawerenge. Ndinamuuza kuti chaka chino chipinda chake sachoka, anyamata akagona pabalaza.

Usiku ndinaimbira mwana wanga wamkulu ndi kumuuza zonse, za 3 koloko, za kudambo, za Anambewe. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Amayi, bwanji simunanene?" Wati abwera ndi zigubu zinayi zodzaza kuchokera ku Lilongwe ndi magatala a padenga, ndipo ana ake aamuna awiri azikapopera okalamba m'mawa uliwonse.

A Jere, ndithandizeni pawiri. Timarabala tija mumagula ku Mchinji konko kapena mumachita kutuma ku Lilongwe? Ndipo loko wa masana uja, kiyi wake amasunga ndani? Kuno atatu akumufuna, ndipo onse atatu anali mahedimasitala.